Mafoni a pa Bwemba

Lolemba

Gibisoni wamwalira. Ndalemba dala kuti ndione ngati dzanja likana. Silinakane.

Mlongo wanga wondiponda pamutu, amene ndinkamubereka mpaka miyendo yake kumakwekwereza pansi. Wamwalira usiku wathawu m'chipatala ku Kitwe. Chibayo, cha masiku ochepa chabe. Munthu woyendetsa zimalole zija, kugonja kwa chibayo.

Kwathu kuno ku Msoro netiweki ili pamalo amodzi basi, pachulu cha kumsewu pamene pali mtengo wa bwemba. Mudzi wonse timapachika mafoni pamenepo, iliyonse pa msomali wake, ina m'sokosi, ina m'kapepala ka shuga. Foni ikalira, amene ali pafupi ndiye amayankha, kaya ndi yake kaya si yake, n'kunyamula uthengawo kukatula kwa mwini. Palibe anakhazikitsa zimenezi. Wina anakhoma msomali woyamba, ena tinangotsatira.

Ndili pa mjigo, aMwanza ogulitsa nsomba aima ndi njinga yawo. Akuti akulu anga a ku Lusaka, asisi Enala, andifuna pa bwemba, aimbanso. Ndapita ndi ndowa yopanda madzi.

Asisi Enala alira pang'ono, kenako ayamba kulamula, ndiyo mphatso yawo. Thupi lichedwa, pali za mapepala ndi za galimoto. Iwo afika Loweruka ndi amalume a ku Chipata, bokosi litsatira Lamulungu. "Atate asamve mpaka tifike. Adzawauze amalume, atakhala pansi, mankhwala ali pafupi. BP ija ikawagwetsanso tiika awiri."

Sakunama. Chaka chatha inawagwetsa m'munda wa thonje, mpaka lero mwendo wa kumanzere amachita kukoka.

"Koma iwe ukwanitsa? Paja iwe..." Sanamalize, koma ndamva. Pa maliro a amayi ndine ndinakomoka, n'kutengedwa pa wilibala kupita kuchipatala anthu akuimba kumanda. Mudzi uno sunaiwale wilibala ija. Ndayankha kuti ndikwanitsa.

Zochita:
kuchotsa foni ya atate pa bwemba
kubisa ndodo yawo, poti m'mawa uliwonse amakakhala pachulu paja kuyankha mafoni a eni
kulondera pachipata
osalira pamaso pawo

Mpaka Loweruka basi. Munthu sangalephere kutseka pakamwa mpaka Loweruka.

Masana. Ndawapeza atate pakhonde, ku bwemba anapitako m'mamawa monga mwa nthawi zonse. Ndisanatsegule pakamwa, ayamba ndi iwo: "Akuba achuluka masiku ano. Kachotse mafoni athu onse awiri pamtengo paja, uwasunge m'nyumba." Mulungu ali mbali yanga! Ndathamanga, ndachotsa, ndawazimitsa, ndawakwirira m'thumba la thonje pamodzi ndi ndodo.

Awonjezanso kuti ku mjigo ndisiye kupita chifukwa cha msana wanga, amake Dalitso oyandikana nafe azititungira. Msana wanga ulibe kanthu. Koma ndavomera, ndipeza mpata wowalondera tsiku lonse.

Ndalirira kubafa, ndikukhuthula madzi pamwala kuti asamve.

Lachiwiri

Ndodo sanaifunse. Zaka zonsezi atate sanaphonyepo m'mawa wa pachulu, lero angokhala pakhonde kusankha thonje. Ndinakonza bodza labwino la chiswe, lapita pachabe.

Ku chimbudzi ndiye apita kambirimbiri, atagwira khoma, ndipo akumachedwako. Ndikuwamva akumina. M'mimba ndi chimfine nthawi imodzi, sabata ino yomwe. Ndawaphikira masamba a gwafa. Munthu amene amakana ngakhale kam'bulu ka mutu wamwa kapu yonse osatsinzina, n'kuthokozanso.

Iwo akuti, "Ukusamba kwambiri, mama, kuzizira konseku." Ndati thonje likundiyabwa.

Ndaona kuti ndekha sindingathe, pachipata pafunika munthu wina. Amake Dalitso atabwera ndi madzi ndawakokera kuseri kwa nkhokwe, ndawauza monong'ona. Ndimayembekeza kuti agwa pansi. Angotula ndowa.

"Ndinamva dzulo."

Mwana wawo Dalitso nayenso amagwira ntchito ku Kitwe, anaimba pa bwemba. Ndawafunsa kuti foniyo anayankha ndani. Atembenuka n'kuyamba kukalipira nkhuku imene sinalakwe kanthu.

Ndafunsa amene akudziwa. Akuti amuna awo okha. Ndi akatekisiti. Ndi mwini chigayo, poti amuna awo anapita kukagayitsa. Ndi amene anali pamzere wa kuchigayo.

Ndiye kuti mudzi wonse, kupatula mbuzi.

Ndawalumbiritsa kuti atate asamve mpaka Loweruka, ndipo akauze aliyense zomwezo. Andiyang'ana nthawi yaitali, agwira kumutu. "Ambuye Yesu, ine ndiye mwandiika pakati." Mayi ameneyu amakonda kudzimvera chisoni. Wamwalira ndi mlongo wanga, wodandaula ndi iwo.

Pulani yasintha pang'ono. Mudzi udziwe, palibe kanthu. Uthenga ungozungulira mpanda wathu, usalowe.

Madzulo anthu akudutsa pamsewu atatsitsa mawu. "Mwaswera bwanji, aBanda," kenako liwiro, ngati pakhomo pathu pali galu wolusa. Palibe wabwera kudzabwereka pampu ya njinga. Pampu imeneyo sinagonepo m'nyumba muno masiku awiri otsatana chiigulireni. Ndimaopa kuti atate adabwa. Sanadabwe. Ukalamba uli ndi ubwino wake.

Lachitatu

Tsiku la Gibisoni. Lachitatu lililonse masana amaimba, atate amapita pachulu atavala chipewa, ine pambuyo. Amayamba ndi funso lomwelo: "Njovu zakusiyirani chiyani chaka chino?" Kenako amandiseka kuti ndikukalamba ndisanaone Kitwe.

Kuyambira m'mawa mtima uli m'mwamba. Dzuwa likafika pamutu atate afuna foni, ndinena chiyani? Ndakonza mabodza atatu, lililonse lofooka kuposa linzake.

Dzuwa lafika pamutu. Atate akusankha thonje osadzutsa mutu. "Gibisoni lero usamudikire. Ali bize mwana uja, malole achuluka."

Ndati inde, ali bize.

"Ndi wolimbikira ntchito."

Ndati ndi wolimbikira.

Ndapita kukasamba. Pobwera ndapeza iwo ali ku chimbudzi. Ndawonjezera masamba a gwafa.

Masana aakulu, chiphokoso kuseri kwa nyumba. Ndatuluka, ndapeza zipika zitatu za mopane, zazikulu, zokoka amuna anayi. Owatula athawa kale, ndangoona misana. Aliyense wobadwira m'chigwa muno amadziwa ntchito ya zipika zotere: ndi za moto wa pamaliro, wowotha amuna usiku wonse. Ndinati uthenga usalowe mumpanda. Za nkhuni sindinanene, ndiye nkhuni zalowa.

Ndikuyesa kuziphimba ndi mapesi, atate atulukira pangodya atagwira khoma. Ndasiya mapesi. Aziyang'ana zipikazo, andiyang'ana ine, n'kunena mofulumira: "Ndi zowotchera njerwa."

Njerwa ziti? Pakhomo pano sitinaumbepo njerwa chimwalirireni amayi. Koma ndagwirizana nazo msangamsanga, ndati inde, njerwa, tinachedwa kale. Kaya ndani anawanamiza choncho, Mulungu amudalitse, ali ndi nzeru kuposa ine.

Takambirana za njerwazo mpaka dzuwa kupendeka. Timanga khitchini yatsopano. Chitseko chiyang'ana kum'mawa. Atate akuti denga adzagula Gibisoni. Ine ndati malata, osati udzu.

Sindinadziwe kuti bodza limalemera chonchi. Ndinkaganiza kuti chovuta ndi kusanena. Chovuta ndi kunena za munthu ngati akadali ndi mawa.

Lachinayi

Ndadzidzimuka m'mawa: wayilesi! Sindinaiganizire n'komwe. Atate saphonya mauthenga a maliro a pa wayilesi ya ku Chipata, amamvetsera ngati mpira, n'kumawerengera anzawo amene atsala. Asisi Enala ndi munthu wa dongosolo, akhoza kukhala kuti anapereka kale chilengezo.

Ndalowa kuchipinda kwawo chozemba iwo ali panja, ndatsegula kumbuyo kwa wayilesi kuti ndichotse mabatire. Mulibe mabatire. Ndangoti zikomo Ambuye, ndabwezera chitseko chake. Sabata ino zinthu zikundikonzekera zokha mpaka ndikuchita mantha.

Patapata zanga za paulendo sindikuziona. Ndafuna paliponse. Atate akuti mwina galu. Akuti ndisavutike, kulibe kumene ndikupita.

Masana amayi a kutchalitchi, poti Lachinayi ndi tsiku lawo. Ndinatumiza mawu kudzera kwa amake Dalitso kuti asabwere. Mawuwo anayenda, anafika, ndipo anamveka kuti asabwere ndi yunifolomu. Abwera ndi zitenje zakuda.

Akuti akuyendera okalamba. Aliyense wanyamula kanthu:
ufa m'beseni
nyemba
nkhwani wofutsa
mchere
mphika waukulu wa kutchalitchi uja, wophikira anthu a mudzi wathunthu

Okalamba ake ndi mmodzi, wa m'mimba, amene akumwa gwafa.

Ndalowetsa zonse m'nkhokwe mothamanga. Mphika sunalowe pakhomo la nkhokwe, ndauvundikira pakati pa bwalo n'kukhalapo.

Akhala pamphasa, apemphera pemphero lozungulira, lopempherera thonje, mvula ya chaka chamawa, apaulendo, oyendetsa magalimoto. Pa oyendetsa magalimoto mawu a mtsogoleri anjenjemera, mnzake wamugunda ndi chigongono. Kenako nyimbo. Anagwirizana kunjira kuti aimba ya chisangalalo, koma gogo wina wosamva bwino wayambitsa ya kumanda, ija timaimba potsitsa bokosi. Mzere woyamba watha wonse asanamutseke pakamwa ndi chitenje.

Ndayang'ana atate. Atate akuyang'ana ine. Ndamwetulira mpaka masaya kuwawa. Iwonso amwetulira, n'kunena kuti nyimbo imeneyo ili ndi tchuni chabwino, anthu amangoiwonongera kumaliro.

Atapita ndawakalipira amake Dalitso. Ndani anatuma zipika? Sakudziwa. Ndani anauza amayi za ufa? Palibe. "Aliyense akungoona chimene mnzake wachita, n'kuchita chotsatira. Mukufuna ndikaletse ndani, poti palibe anayambitsa?" Kenako anditsina pamkono: "Koma inu, bwanji osangokhala pansi ndi atate anu, n'kuyang'anana bwinobwino?" Ndawauza kuti asandiphunzitse kusamala atate anga.

Zili ngati linthumbu. Uthira phulusa apa, mzere ukhota, ulowera pawindo.

Lachisanu

Chipata chimene ndinaiwala ndi cha ku Mfuwe.

AMwanza a nsomba aja anachoka Lolemba lomwelo kupita kumtsinje ku Mfuwe kukapikula, asanamve kalikonse. Uthenga unawapeza komweko. Unachoka ku Kitwe pa mafoni a madalaivala, unafika kwa oyendetsa alendo m'malo ogona odzaona nyama a ku Chinzombo, amene ena anaphunzira ndi Gibisoni, unatsikira kwa asodzi, n'kukwera njinga ya aMwanza kubwerera kuno. Koma unayenda wopanda mchira wake uja wakuti atate asamve. AMwanza akubwera kudzapepesa maliro, ndi mtima wonse, nsomba ya chipepeso atamanga padera.

Zonsezi ndazimva iwo asanafike, chifukwa mbiri ya kubwera kwawo inawapitirira panjira. Wa pa bwemba anawaona akudutsa, chipewa chili kale m'manja, anaimba likhweru kwa wa pachigayo. Wa pachigayo anafuulira amayi a pa mjigo. Mmodzi wa amayiwo anadutsa m'munda wa thonje kudzagogoda pa mpanda wa amake Dalitso. Njinga yazungulira ndi msewu, mawu adutsa chidule.

Ine ndaima pachipata wopanda patapata. Ndikuwaona aMwanza akutsika njinga chapatali, nkhope ataikonza kale ya maliro, akukoka mpweya kuti ayambe kulira monga achitira wofika pa siwa. Asanatulutse mawu, amake Dalitso atulukira m'mapesi, agwira keriyala ya njinga, amuna awo agwira aMwanzawo, onse atatu ndi nsomba zomwe alowa kuseri kwa khola la mbuzi. Kwamveka kunong'ona kwaukali. Kwamveka aMwanza akuti, "Onse awiri?" Kwamveka mbama, kapena mwina ndi nsomba inagwa.

Onse awiri ndani? Mwina amanena asisi Enala ndi amalume. Mutu wanga watopa.

Patapita kanthawi aMwanza atuluka, chipewa chili kumutu, alowa pabwalo akuseka ngati wotola ndalama. "Muli bwanji, aBanda! Ndangoti ndikupatseni kansomba aka, chabe, palibe chifukwa." Maso ali mbwembwembwe misozi. Akuti ndi fumbi la malole a thonje. Atate alandira ndi manja awiri, avomereza kuti fumbi la chaka chino ndi loipa.

Nsombayo ndi mlamba wowamba, umene Gibisoni ankati akabwera tizimusungira mutu. Ndaphika. Atate adya pang'ono, ine pang'ono. Mutu watsala m'mbale, palibe waukhudza.

Madzulo ndaona amuna akulowera njira ya kumanda ndi makasu ndi zikwanje. Atate akuti akukasaka mbewa. Ndi makasu, inde. Zikwanje kaya.

Ndatopa. Ndikufuna kulira mokweza, pabwalo, ngati munthu amene mlongo wake wamwalira, osati ngati wakuba kubafa. Ndikufuna atate andigwire dzanja. Munthu yekhayo amene angamve chimene ndikumva ndi amene ndikumunamiza za khitchini. Nthawi zina ndikumawakwiyira chifukwa chosadziwa, akukhala phee kusankha thonje mwana wawo ali mufiriji ku Kitwe. Kenako ndikudzikwiyira ndekha.

Mawa asisi afika. Ndakwanitsa. Wilibala ija aiiwale.

Loweruka

Safika.

Uthenga wabwera m'mawa panjira zitatu, poti foni yanga ili m'thonje. Akatekisiti akuti galimoto ya amalume yafa pa Chipata. Mwini chigayo akuti si galimoto yafa, ndi amalume adwala mwendo. Dalaivala wa lole ya thonje waima pamsewu n'kuuza amake Dalitso kuti onse abwera mawa m'mawa pa galimoto imodzi ndi bokosi. Pa mfundo yomalizayi onse atatu akugwirizana.

Ndiye kuti bokosi ndi amalume alowa pachipata nthawi imodzi. Atate adzamva za mwana wawo poona galimoto ikubwerera chambuyo pabwalo. Zimenezo ayi. Kuli bwino amve kwa ine, wa wilibala yemwe.

Ndazungulira nyumba kangapo. Ndasesa pamene ndinasesa kale. Ndatenga mankhwala awo a BP ndi kapu ya madzi. Ndapemphera pemphero lalifupi lopanda ulemu kwenikweni.

Ndawapeza pansi pa mtengo wa mango atavala jekete la kutchalitchi. Patsogolo pawo ayala mphasa, aikapo pilo. Pambali ndowa ya madzi ndi chitenje chonyowa. Kuseri kwa mtengo, yobisidwa mosabisika, wilibala ya amuna a amake Dalitso.

"Khala pansi, mama. Pamphasapo, usakhale pampando."

"Atate, yambani mwamwa mankhwala."

"Ndamwa kale."

Iwo ayang'ana mankhwala m'manja mwanga. Ine ndayang'ana wilibala. Tayang'anana bwinobwino, monga ananenera amake Dalitso.

"Unamva liti?" afunsa.

"Lolemba."

"Ine ndinakuyambira."

Anali pachulu m'mamawa Lolemba, okha. Inalira foni ya amake Dalitso, ya m'sokosi yofiira, anayankha monga amachitira masiku onse. Dalitso, netiweki ikudukaduka, tokotaimu ikutha, sanafunse kuti akulankhula ndi ndani. "Mukawauze amayi kuti Gibisoni wa aBanda watisiya usiku. Koma mdala asamve, ali ndi BP."

Ndawafunsa kuti iwo anayankha chiyani.

"Ndinati ndamva, ndikawauza."

Anabwezera foni m'sokosi, anaipachika pa msomali wake, anatsika chulu ndi mwendo wawo wokokawo, anayenda mpaka kwa amake Dalitso n'kupereka uthenga wonse, ndi mbali ya mdala yomwe. "Unali uthenga wawo, ndikanaudula bwanji?" Kenako anawonjezera wawo: mwana wanga wamkazi asamve mpaka abale atabwera, mukudziwa zimene zinachitika pa maliro a amayi ake. Anawalumbiritsa. Mawa lake ine ndinawalumbiritsanso mayi yemweyo. Sabata yonse mudzi wakhala ukunyamula malamulo awiri, la atate ndi langa, n'kumasunga onse awiri mokhulupirika.

Mafoni, iwo. Mjigo, iwo. Mabatire ali m'thumba la jekete. Patapata zanga zili padenga la chimbudzi. Ndodo akudziwa kuti ili m'thonje, anaiona Lachiwiri, anaganiza kuti ndinangosokoneza posunga mafoni.

"Nanga m'mimba muja?"

"Ndilibe m'mimba. Ndikanalirira kuti? Kubafa unkakhalako iwe."

Ndaseka. Mulungu andikhululukire, ndaseka mpaka kugwira pansi, iwonso aseka, ndipo pakati pa kusekako mawu atembenuka okha. Sindinakomoke. Iwo sanagwe. Andigwira dzanja, atchula dzina la mwana wawo mokweza koyamba sabata ino, ine ndalira kulira konse kumene ndinkathira pamwala wa kubafa.

Kulira kwathu kusanafike pamsewu, bwalo ladzaza. Anthu anali kale kuseri kwa mpanda, kaya kuyambira nthawi yanji. Amake Dalitso alowa patsogolo akulira ngati womasulidwa m'ndende. Mapesi achotsedwa pa zipika, moto wayaka. Mphika waukulu wavundukulidwa. Ufa watuluka m'nkhokwe. Mipando yatulutsidwa m'nyumba, mphasa zayalidwa, gogo uja wayambitsanso nyimbo yake ndipo pano palibe wamutseka pakamwa. Sindinamve munthu ngakhale mmodzi akulamula mnzake.

Wilibala aibweza kwa eni ake yopanda kanthu.

Lamulungu

Galimoto yafika m'mawa. Amalume atsika atakonza kale mawu awo, akhala akuwayeserera kuchokera ku Chipata. Apeza moto wa dzulo ukufuka, anthu ali mbwee, atate atakhala pakati pa amuna. Mawuwo abwerera nawo.

Asisi Enala andikokera pambali. "Ndani anawauza?" Ndayamba kufotokoza, ndaona kuti nkhaniyo ndi yaitali. Ndati palibe. "Ndinadziwa kuti sukwanitsa." Ndavomera. Ndilibe mphamvu zotsutsana ndi munthu wa ku Lusaka lero.

Bokosi ndi lalifupi kuposa mmene ndinkamukumbukira. Tamuona nkhope. Wameta bwino.

Manda anali okumba kale, njira yolambula. Mbewa zija.

Chimene chikundiwawa si asisi. Ndi masiku aja. Tikanalira limodzi kuyambira Lolemba, ine ndi atate, pakhonde pathu, n'kumakumbutsana za Gibisoni weniweni. M'malo mwake tinamanga khitchini. Masiku amenewo sabwerera, ndipo palibe woti ndimukalipire, aliyense anachita zimene anapemphedwa.

Atate andinong'oneza pa nthawi ya chakudya kuti masamba a gwafa ndisadzaphikenso, ngakhale atadwaladi.

Mafoni ndawafukula m'thonje pamodzi ndi ndodo. Pochokera kumanda njira imadutsa pa bwemba, ndiye atate aima kuti tipachike. Ndakwera chulu, ndapachika yawo pa msomali wawo, yanga pa wanga. Lachitatu siidzalira, koma msomali ndi wake.

Ndikutsika, ina yalira. Ya m'kapepala ka shuga, sindikudziwa n'komwe mwini wake. Anthu onse a pamaliro aima pamsewu, palibe akusuntha. Ine ndaima ngati chitsa. Sindikufuna kudzagwiranso foni ya munthu moyo wanga wonse.

Atate aloza ndi ndodo. "Yankha, mama. Uli pafupi ndiwe."

Ndayankha. Mawu a mtsikana, ali kutali, mphepo ikuwomba. Sanafunse kuti ndine ndani. Akuti ndikawauze amake Tisa a kuseri kwa chigayo kuti wafika bwino ku Chinzombo, ntchito ayamba mawa, asade nkhawa.

Ndati ndamva, ndikawauza.